Mpweya wa M'chipinda cha Opaleshoni: Mbiri Yoyambira ku Cape Maclear

Munthu akaima pamchenga wa ku Nkhudzi m'mamawa, asodzi akukocheza ngalawa ndipo amayi akuyala usipa pathandala, amakhala akuyang'ana madzi amene sitima yoyamba yoyendera moto idadutsamo m'mwezi wa Okutobala, chaka cha 1875. Sitimayo dzina lake idali Ilala. Idapangidwa ku London, ndipo itafika pamathithi a mtsinje wa Shire idaphwasulidwa, amuna mazanamazana nasenza zidutswa zake pamutu kufikira kumtunda kumene idalumikizidwanso. Mtsogoleri wa ulendowo, Bambo E. D. Young, adayamba wakaonekera kwa Mfumu Mponda kukapempha malo, ndipo pa 12 Okutobala sitimayo idalowa m'nyanja. Ilala ya ku Monkey Bay, imene idayamba kuyenda m'chaka cha 1951, idatenga dzina lomweli.

Pakati pa alendowo padali dotolo wachinyamata wa zaka 24, Robert Laws, wochokera ku Aberdeen m'dziko la Scotland. Patapita masiku owerengeka amishoniwa adakocheza ku Cape Maclear, pafupi ndi pamene pali mudzi wa Chembe lero, namanga mishoni imene adaitcha Livingstonia pokumbukira David Livingstone. M'bokosi la mankhwala la dotoloyo mudali botolo la madzi onunkhira otchedwa chloroform, amene munthu akapuma mpweya wake amagona tulo tosamva kanthu.

Pa 2 Marichi, 1876, Dotolo Laws adachita opaleshoni pa mnyamata wina amene adali ndi chotupa pamwamba pa diso. Madotolo a ku Scotland masiku amenewo ankadontheza chloroform pakansalu ndi kukagwira pafupi ndi mphuno ya wodwala kufikira atagona. Mnyamatayo adagona, chotupa chidachotsedwa, ndipo adadzuka ali moyo. Olemba mbiri amaiwerenga opaleshoni imeneyi kukhala yoyamba m'chigawo chapakati cha Afirika kuchitika munthu atagonetsedwa ndi chloroform. Anthu a kunyanja adali nawo kale asing'anga awo odziwa kutema mphini, kulumika magazi ndi nyanga ndiponso kulunga fupa lothyoka, koma kucheka munthu iye osalira chidali chinthu chachilendo, kotero kuti mbiri ya mankhwala a tulo idamveka m'midzi yakutali.

Ngakhale kwa azungu eni ake luso limeneli lidali lisanakalambe. Zaka 30 zokha m'mbuyomo, wodwala wa ku Ulaya ankachita kumangidwa kapena kupanidwa ndi amuna amphamvu, ndipo dotolo wotchuka adali uja wodula mwendo mofulumira koposa anzake. Pa 16 Okutobala, 1846, William Morton adaonetsa pachipatala china mumzinda wa Boston ku America kuti mpweya wa mankhwala otchedwa ether ungathe kugonetsa munthu opaleshoni ili mkati. M'mwezi wa Novembala, 1847, James Young Simpson wa ku Edinburgh adayesa chloroform nayamba kuigwiritsa ntchito pothandiza amayi oyembekezera. Koma walira mvula walira matope. Mu Januwale, 1848, mtsikana wa zaka 15, Hannah Greener, adamwalira kufupi ndi Newcastle atangopuma chloroform pofuna kumchotsa chikhadabo cha kuphazi. Madotolo adaphunzira pamenepo kuti mpweya uliwonse wolowetsedwa m'thupi la munthu uyenera kuyezedwa ndi kuyang'aniridwa mosamala.

Ululu utagonjetsedwa padatsala mdani wina, ndiye mafinya. Odwala ambiri ankapulumuka pampeni koma kenaka nkufa bala litaola. M'chaka cha 1867 Joseph Lister wa ku Glasgow adafalitsa njira yake yotsuka bala, zipangizo ndi manja ndi mankhwala opha tizilombo. Kuyambira pamenepo madotolo adalimba mtima nayamba kutsekula mimba, malo amene kale ankaopa kuwakhudza.

Mishoni ya ku Cape Maclear siidakhalitse. Malungo adapha amishoni angapo, ndipo mmodzi mwa iwo adali dotolo mnzake wa Laws, William Black, amene adamwalira m'chaka cha 1877 asanathe ndi chaka chomwe pamalopo. Manda awo alipobe mpaka lero m'kati mwa nkhalango yotetezedwa ya Lake Malawi National Park. M'chaka cha 1881 mishoni idasamukira ku Bandawe, ndipo mu 1894 idakwera ku Khondowe. Laws adatumikira m'dziko muno kufikira 1927. Komabe ntchito ya opaleshoni imene idayambira kumwera kwa nyanja idafalikira m'zipatala za mishoni ndi za boma m'dziko lonse.

Mpweya wa Laws unkalowa kudzera m'mphuno. Ulipo mpweya wachiwiri umene madotolo amaupopera m'mimba mwenimweni, ndipo mbiri yake idayambira ku Germany. M'chaka cha 1901 Georg Kelling wa ku Dresden adapopera mpweya m'mimba mwa galu, nalowetsamo kachubu kokhala ndi galasi ndi nyali kuti aone za m'kati popanda kung'amba mimba yonse. M'chaka cha 1910 Hans Christian Jacobaeus wa ku Stockholm adachita zomwezo pa anthu. Chifukwa chopopera mpweya nchosavuta kumva. M'mimba mwa munthu mulibe malo opanda kanthu, pakuti matumbo, chiwindi ndi chifu zimagundana ndi khoma la mimba. Mpweya umatukula khomalo monga mzati utukula denga, ndipo dotolo amapeza malo oonera ndi ogwiriramo ntchito.

Poyamba ankapopera mpweya wamba. M'chaka cha 1924 dotolo wa ku Switzerland, Richard Zollikofer, adalangiza kuti ndi bwino kugwiritsa ntchito carbon dioxide, umene ana a sukulu amautcha mpweya woipa, womwe uja munthu amatulutsa popuma. Mpweya umenewu suyaka moto, choncho dotolo angathe kuwotcha mitsempha yotaya magazi ndi chipangizo cha magetsi popanda ngozi. Ndiponso umasungunuka msanga m'magazi ndi kutuluka kudzera m'mapapo. M'chaka cha 1938 János Veress wa ku Hungary adapanga singano yokhala ndi chotetezera kunsonga, imene pambuyo pake idakhala yolowetsera mpweyawo popanda kubaya matumbo. M'zaka za m'ma 1960 Kurt Semm wa ku Germany adakonza makina opopa mpweya pamlingo woyenera, ndipo mu 1980 adachotsa kathumbo ka apendikisi mumzinda wa Kiel kudzera m'timabowo. Anzake ambiri adamunyoza nati akusewera ndi miyoyo ya anthu. Koma mu 1985 Erich Mühe adachotsa ndulu mwa njira yomweyo, ndipo Philippe Mouret wa ku Lyon adachitanso chimodzimodzi mu 1987. Opaleshoni ya timabowo imeneyi madotolo amaitcha laparoscopy.

Khansa ya m'matumbo aakulu idalowa m'nkhaniyi m'chaka cha 1991, pamene madotolo a ku America, mmodzi mwa iwo Moises Jacobs wa ku Miami, adalengeza kuti adadula mbali ya thumbo kudzera m'timabowo. Ambiri adakayika poopa kuti khansa ingatsalire kapena kumera pa timabowoto. Kafukufuku wamkulu amene zotsatira zake zidatuluka m'zaka za 2004 ndi 2005 ku America ndi ku Ulaya adasonyeza kuti m'manja mwa dotolo wozolowera njira yatsopanoyi imathandiza mofanana ndi yakale ija yong'amba mimba, ndipo wodwala amadzuka pamphasa msanga. Koma opaleshoni ya thumbo ndi yaitali, imatha maola atatu kapena kupitirira, ndipo kutalikako kudaonetsa vuto limene pa maopaleshoni aafupi silinkaoneka bwino, ndilo kuzizira kwa wodwala.

Thupi la munthu wabwinobwino limatentha madigiri 37. Munthu ali maso, akamva mphepo amafunda nsalu, amanjenjemera, ndipo mitsempha ya pakhungu imafinyika kuti kutentha kusathawe. Mankhwala ogonetsa amafooketsa chitetezo chonsechi. Mitsempha imatseguka, magazi ofunda a m'kati amathamangira kumanja ndi kumiyendo, ndipo mu ola loyamba lokha kutentha kwa thupi kungathe kutsika ndi digiri imodzi kapena kupitirira. Wodwalayo ali chigonere wosavala, madzi a m'dripi akulowa ali ozizira, ndipo sangathe kunena kuti akumva mphepo. Thupi likazizira magazi amachedwa kuundana, mankhwala amachedwa kutha mphamvu, ndipo kunjenjemera kwa podzuka kumalemetsa mtima.

Kukula kwa vutoli kudaonekera poyera m'chaka cha 1996, pamene Andrea Kurz, Daniel Sessler ndi Rainer Lenhardt adafalitsa zimene adapeza pa odwala 200 a opaleshoni ya matumbo aakulu m'dziko la Austria. Odwalawo adagawidwa pawiri. Gulu lina lidasamalidwa monga mwa masiku onse, pamene linalo lidafunditsidwa ndi chofunda chopemerera mpweya wotentha ndi kupatsidwa dripi wofunditsa. Mwa odwala 96 amene adazizira, 18 mabala awo adachita mafinya, pamene mwa odwala 104 ofunditsidwa adali 6 okha. Ozizirawo adakhalitsanso m'chipatala masiku oposa awiri kupambana anzawo. Chifukwa chake nchakuti mitsempha ya pabala ikafinyika ndi kuzizira, mpweya wabwino wa okosijeni sufika wokwanira, ndipo asilikali a m'thupi amalephera kupha tizilombo.

Pamenepo maso a akatswiri adatembenukira ku mpweya wopoperedwa m'mimba uja. Carbon dioxide amasungidwa m'mabotolo achitsulo, ndipo akamafika m'mimba amakhala wozizira ngati chipinda, pafupifupi madigiri 21, komanso wouma kotheratu wopanda chinyezi ndi pang'ono pomwe. Munthu akamapuma, mphuno ndi kholingo zimafunditsa mpweya ndi kuunyowetsa usanafike m'mapapo. Mimba ilibe mphuno yochita ntchito yotero. M'kati mwake mudayalidwa nembanemba yopyapyala, yonyowa ndi yoterera, imene imalola matumbo kuyenda popanda kukhulana. Mpweya wouma ukamadutsa pamenepo umayamwa chinyezi. Omvera a kunyanja amadziwa mmene mwera umaumitsira usipa pathandala m'miyezi ya Juni ndi Julayi, ndipo mayi aliyense amadziwa kuti madzi a mumtsuko amazizira chifukwa chinyezi chotuluka m'dothi chimauluka ndi mphepo. Zimenezi ndizo zimachitikanso m'mimba: chinyezi chikamauluka chimatenga kutentha kwa thupi. Pa opaleshoni yaitali mpweya wodutsamo umaposa malita 100 kawirikawiri, popeza wina umatuluka m'timabowo ndipo makina amapopanso wina.

Mmodzi mwa oyamba kuchenjeza za zimenezi adali Douglas Ott, dotolo wa amayi wa ku Georgia m'dziko la America, amene adalemba za kuzizira kwa odwala otere m'chaka cha 1991, ndipo pambuyo pake adakonza chipangizo chofunditsa ndi kunyowetsa mpweyawo. Kampani ya Fisher & Paykel Healthcare ya ku New Zealand idapanganso china chotchedwa HumiGard. Kagwiridwe ka ntchito kake nkosavuta. Mpweya umadutsa pamwamba pa madzi oyera ofunda m'kabotolo, umatenga nthunzi, kenaka umayenda m'paipi yokhala ndi waya wotenthetsa kuti nthunziyo isasanduke madzi panjira. Pofika m'mimba umakhala uli pa madigiri 37 ndipo wadzaza chinyezi. Akatswiri adapezanso kuti kutenthetsa mpweya kokha popanda kuunyowetsa sikupindula kwenikweni, chifukwa mpweya wotentha koma wouma umayamwabe chinyezi, monga mphepo ya mu Okutobala iumitsira msanga zovala pachingwe.

Nzeru imeneyi ndi yomveka, koma m'chipatala nzeru yomveka imayenera kuyesedwa pa odwala enieni. M'chaka cha 2010 madotolo a ku Auckland, motsogozedwa ndi Tarik Sammour, adafalitsa zotsatira za odwala 82 a opaleshoni ya matumbo aakulu, ndipo sadapeze kuti mpweya wofunda udachepetsa ululu. M'chaka cha 2012 madotolo a ku Stockholm adayesa kuthira mpweya wofunda ndi wonyowa m'bala lotseguka la opaleshoni yong'amba mimba. Popeza carbon dioxide ndi wolemera kuposa mpweya wamba, amakhazikika m'balamo ngati madzi m'mbale, ndipo iwo adapeza kuti bala ndi thupi lonse zidakhala zofundirapo. Kuyesa kochitika pa mbewa za m'nyumba zofufuzira kudaonetsa kuti mpweya wozizira ndi wouma umawononga nembanemba ija ndi kupatsa khansa poti imerepo, koma mbewa si munthu. M'chaka cha 2016 bungwe la Cochrane lidasonkhanitsa kafukufuku 22 wokhudza odwala 1,428, ndipo lidapeza kuti mpweya wofunda ndi wonyowa umakweza kutentha kwa thupi pang'ono chabe, osafika theka la digiri imodzi, popanda umboni wokwanira wakuti odwala amachira msanga. M'chaka cha 2017 bungwe la NICE, limene limalangiza zipatala za boma ku England, lidati chipangizo cha HumiGard nchopatsa chiyembekezo koma umboni udali usanakwane kuti zipatala zonse zichigwiritse ntchito masiku onse.

Chotero mbiriyi ili ndi mfundo ziwiri zosiyana kulimba kwake. Yoyamba, yakuti wodwala pa opaleshoni ya matumbo asaloledwe kuzizira, idatsimikizika ndipo madotolo onse amaivomereza. Yachiwiri, yakuti kufunditsa mpweya wa m'mimba kumaonjezera phindu pamwamba pa zofunda ndi dripi wofunditsa, akatswiri akadakambiranabe. Kusiyanitsa ziwirizi nkofunika kwambiri m'dziko limene ndalama za mankhwala ndi zochepa, pakuti chipangizo chodula chikagulidwa, china chake chimasiyidwa.

Kuno kwathu maopaleshoni ambiri a m'mimba amachitika mwa njira yong'amba. M'zipatala za maboma, monga cha ku Mangochi, ntchito yaikulu ya opaleshoni ndi yogonetsa odwala ili m'manja mwa ma clinical officer, amene dziko lino lidayamba kuwaphunzitsa m'zaka za m'ma 1970 madotolo ali ochepa. Matenda ovuta monga khansa amatumizidwa ku zipatala zazikulu za Zomba, Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu ku Lilongwe ndi Mzuzu. M'zaka za m'ma 1980 Dotolo Paul Fenton wa ku Queen Elizabeth adakhazikitsa maphunziro a ogonetsa odwala, ndipo mu 1989 adalemba za makina ogonetsera oyenera zipatala zathu, amene amasefa okosijeni kuchokera mumpweya wa m'chipinda m'malo modalira mabotolo ochokera kutali. Sukulu ya madotolo ya College of Medicine idatsekulidwa m'chaka cha 1991, chaka chomwe chija thumbo lidayamba kudulidwa kudzera m'timabowo ku America, ndipo kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Phunziro la ku Austria limagwira ntchito ngakhale ku Mangochi kotentha. Wodwala wogonetsedwa amazizira ngakhale kunja kuli dzuwa loswa mtengo, ndipo bulangete, dripi wofunditsa ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi ndi zinthu zimene chipatala chaching'ono chingathe kukhala nazo.

Khansa ya m'matumbo aakulu ndi yachitatu pa khansa zofala padziko lonse lapansi, ndipo m'chaka cha 2020 idapezeka mwa anthu pafupifupi 1,900,000. M'Malawi imaposedwa ndi khansa ya khomo la chiberekero, ya kum'mero ndi ya pakhungu yotchedwa Kaposi. Dotolo Denis Burkitt wa pachipatala cha Mulago ku Kampala, amene adayendera zipatala za dziko lino m'chaka cha 1961 pofufuza chotupa cha m'nsagwada za ana, adalemba mu 1971 kuti khansa ya m'matumbo idali yosowa pakati pa anthu a m'midzi ya mu Afirika chifukwa cha zakudya zawo zokhala ndi gaga. Kafukufuku wa pambuyo pake adavomereza kuti zakudya zosapuntha monga mgaiwa, pamodzi ndi nyemba ndi ndiwo zamasamba, zimachepetsa ngoziyi, ndipo m'chaka cha 2015 akatswiri a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO adanena kuti nyama zokonzedwa m'mafakitale monga soseji zimaiwonjezera. Kadyedwe kakamasintha m'matauni ndipo anthu akamakhala ndi moyo wautali, matendawa nawo amawonjezeka.

Anthu a m'mphepete mwa nyanja ali ndi vuto lawo lapadera pankhaniyi. Chizindikiro chodziwika cha khansa imeneyi ndi magazi m'chimbudzi, koma kunyanja magazi otere amaganiziridwa msanga kuti ndi kamwazi kapena likodzo. Ndipo kawirikawiri zimakhaladi choncho. M'chaka cha 2017 akatswiri adapeza m'madzi a ku Mangochi mtundu wa nkhono zofalitsa likodzo la m'matumbo, ndipo pambuyo pake matendawa adapezeka mwa ana a sukulu a m'boma lomwelo. Ngozi ili pa munthu wamkulu amene wamwa mankhwala a likodzo koma magazi osaleka, amene chimbudzi chake chasintha kwa milungu ingapo, amene akuonda popanda chifukwa, kapena amene wauzidwa kuti magazi achepa m'thupi. Wotereyu akachedwa amafika kuchipatala thumbo litatsekeka, mimba itatupa, ndipo opaleshoni imachitika mwadzidzidzi, mwina usiku, thupi litafooka kale. Opaleshoni yotero ndi imene kutaya magazi, mafinya ndi kuzizira zimakhala zoopsa koposa.

Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu. Mnyamata wa ku Cape Maclear uja adalola kugonetsedwa ndi mankhwala amene palibe mnzake adawaonapo, chifukwa chotupa chake chidali poonekera ndipo chidamusowetsa mtendere. Chotupa cha m'thumbo sichioneka ndi maso, ndipo chimayamba popanda ululu. Chikapezeka chisanafalikire, dotolo amadula mbali yodwalayo ndi kulumikiza thumbo, ndipo odwala ambiri otere amachira nabwerera kumunda kapena kunyanja. Msodzi wa ku Nkhudzi amene waona zizindikiro zatchulidwazi ali ndi chipatala cha Monkey Bay kumpoto ndi cha Mangochi kumwera, zonse pamsewu umodzi, ndipo akafika ayenera kufotokoza momveka kuti magaziwo adayamba liti ndi kuti adamwapo mankhwala anji.